Kuseri kwa Zinanazi pa Nkando

Mpaka lero ndikamadutsa pa Nkando, amayi ogulitsa zinanazi amakuwa kuti, “Oimba aja afika!” Ine ndimangoweramitsa mutu n'kupalasa njinga mwamphamvu.

Zonsezi zinayamba ndi mnyamata wina woimba. Nyimbo zake ndinabwera nazo m'nyumba ndine ndemwe. Ndi wa ku Likhubula, amaimba yekha ndi gitala, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe. Amaimba za amayi othyola tiyi amene amalawirira mame ali mbuu, koma tiyi wa m'paketi osamulawa. Amaimba za onyamula katundu wa alendo, kukwera naye phiri atavala patapata. Ine ndinagwirako ntchito kuesiteti ya tiyi, ndiye mawu akewo amandilasa penipeni. Ndinkaimitsa nyimbo pafoni n'kumawamasulira amake Tiya (mkazi wangatu ameneyo) mzere uliwonse ngati ndikulalikira.

Anamvetsa mopitirira muyeso. Akamasesa, nyimbo zake. Akamachapa, nyimbo zake. Tsiku lina anausa moyo n'kunena kuti, “Koma mwamuna ameneyu amaudziwa mtima wa mkazi.”

“Nanga ife timadziwa mtima wa mbuzi?” ndinafunsa.

“Inu mumadziwa kumasulira.”

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumupezera zifukwa. Mawu ake ndi osasa. Gitala yake imalira ngati chitini. (Ndikakhala ndekha panjinga ndinkamuimbabe, koma chapansipansi.)

Kenako tinamva kuti Loweruka masana adzaimba pa Nkando. Amake Tiya anasita chitenje chatsopano chimene ngakhale kutchalitchi anali asanachivalepo. Ine ndinati zachibwanazo sindipitako, ndikukafuna mbewu ya nandolo ku Thuchila. Ndinapalasa pang'ono, n'kukhotera njira yachidule. Ndinkafuna ndione ndi maso angawa mmene azimuyang'anira.

Ndinabisala kuseri kwa mulu wa zinanazi, chipewa chili m'maso. Amake Tiya anali kutsogolo ndi anzawo a kumpingo. Nyimbo yoyamba ndinapirira. Yachiwiri phazi linayamba kugunda lokha. Ndiye woimbayo anayamba ija ya othyola tiyi, koma atafika pakati anaiwala mawu. Gitala inkangolira yokha, anthu onse ali zii.

Ndinangozindikira pakamwa panga patseguka. Ndinaimba ndime yonseyo mokweza, ya Chilomwe yomwe, maso nditatsinzina. Potambasula dzanja ndinagunda mulu uja, zinanazi n'kugubudukira mumsewu, minibasi ikuliza hutala.

“Bambo a kuzinanaziwo abwere kuno!” anatero woimbayo.

Anyamata anandikankhira kutsogolo. Iye anandigwira paphewa. “Akuluakulu, munthu wokonda nyimbo zanga chonchi sindinamuonepo. Mwabwera ndi ndani?”

“Sanabwere amenewo,” anayankha amake Tiya pagulu. “Ali ku Thuchila.”

Anzawo a kumpingo anayamba kuseka, msika wonse n'kugwa nako. Nyimbo zotsalazo ndinazimvera ndili m'ngalande, ndikutola zinanazi, mwini wake akundilalatira kuti ndisasiye ngakhale chophwanyika.

Pobwerera ndinawakweza amake Tiya panjinga. Tili m'njira anati, “Koma abambo ake Tiya, inu wakugwirani paphewa. Ine ndakhala kutsogolo nthawi yonseyi, ndi chitenje changa chatsopano, osandiyang'ana n'komwe.”

Nsanje ndi yoipa, ndikuvomera, ndipo tsiku limenelo inandichititsa manyazi. Koma nditamva kuti yasamukira pakaliyala, ndinapalasa mpaka kunyumba ndikuimba mluzu.