Buledi wa Mchombo

Inu, sendezani katundu wanuyo ndikhale, basiyi sibwera msanga. Mukudabwa kuti ine Jethro, munthu wa galimoto, ndikudikira basi pa Khirisimasi nditanyamula mitolo ya zitsulo. Tamverani.

Chitaganya chitangoyamba ndinagula galimoto yakuda kwa mzungu wina wa fodya amene anatopa nayo. Inali nkhalamba kale, koma kalaliki ngati ine wokhala ndi galimoto mu Foti Jemusoni muno sanali munthu wamba, ndipo ndinkayenda khosi lili gwa. Ndiye mlamu wanga Zelipa atapeza banja, ndinalonjeza pamaso pa akuchikazi onse kuti mkwatibwi adzapita ku tchalitchi pa galimoto, osati pa ngolo. Amayi analuluta. Mkamwini salulutiridwa kawirikawiri, choncho mawu amenewo ndinayenera kuwasunga, zivute zitani.

Vuto linali limodzi, inkadontha oyilo pamwamba pa injini. A Boaz, makaniko wa ku Kapata, anati gasiketi, kalamba kotseka mpata kuti oyilo asadonthe, ya tapeti kava yatha. Tapeti kava, kwa inu oyenda pansi, ndi chivundikiro chachitali chachitsulo chimene chimatchinga oyilo pamutu pa injini. A Boaz anati aigwire ntchitoyo, ine ndinakana. Manati awiri okha mpaka kuitana munthu? Ndinaimasula ndekha, ndinaitsuka ndi palafini, kenako madzi otentha ndi sopo, kenako phulusa ndi mchenga, mpaka inawala moti ndinapeserapo tsitsi. Ndinaigadamika pakhonde kuti iume, mawa lake ndipake penti, n'kupita ku ntchito.

Tsiku lomwelo apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Chiparamba kudzagula shuga wa ukwati. Mayi amenewa ndi mkulu wa amayi a Chigwirizano, ndipo ku mishoni anaphunzira kuphika buledi, kungoti analibe chiwaya chake. Ataona chitsulo chikuwala pakhonde anafunsa Mainess, mkazi wanga, kuti n'chiyani. Mainess, amene za injini sazidziwa, anati bambo akhala akuchikwecha usana ndi usiku, akuti n'cha ukwati. Akuti apongozi anagwetsa misozi. Anachikulunga m'chitenje n'kukwera lole.

Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini salankhula ndi apongozi aakazi. Tikakumana panjira ine ndimalowa kutchire, iwo amayang'ana mtengo. Ndiye ndinauza Mainess kuti akaitenge kava yanga. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi.

"Chikwatirire simunawapatsepo amayi ngakhale singano. Lero alengeza ku Chigwirizano kuti mkamwini wawo ali ndi mtima, ndiye ine ndikalande? Pitani nokha."

Ndinatuma a Bonifasi, ankhoswe athu. Anapita pa njinga, anabwera madzulo milomo ili noninoni. Anati buledi wotere sanamudyepo chibadwire. Timabowo ta manati apongozi anamata ndi dongo, chibowo chothirira oyilo chimodzimodzi, ndiye buledi amatuluka wamtali ngati mwana wakhanda, ali ndi mchombo pamsana, ndipo ana amamenyanirana mchombowo. Nditafunsa za kava, anati nkhaniyo sinapeze polowera.

Ndinapita kwa Mmwenye, ndinagula chiwaya chenicheni cha buledi, n'kutumiza kuti mwina tisinthana. Uthenga unabwera wothokoza kwambiri. Tsopano ali ndi ziwiri, chachikulu cha akuluakulu, chaching'ono cha ana, ndipo andipempherera pa dzina.

A Boaz anati kava ina njosowa, mpaka ku Lusaka, ndipo idzafika mkwatibwi atabereka kale. Ine ndinati kodi injini singayende mutu uli pamtunda? Ndinailiza choncho, n'kuweramira kuti ndione. Inu, oyilo ali ndi liwiro. Anandisambitsa kumaso, n'kupitirira kukapeza shati yanga ya ukwati pa chingwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinamwa oyilo.

Ukwati uli mawa, tinaikoka galimoto ndi ng'ombe mpaka ku Chiparamba. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti petulo ndikusungira mkwatibwi.

Kutacha, Zelipa wavala, kwaya yayamba, galimoto ili duu pansi pa mango. Mtsikanayo ankangoisuzumira pazenera, maso ali jenjenje, poti anzake onse anali atawauza. Apa ndinachita mantha enieni, kuseka kunatha. Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe, kava yanga ili pamakala, lata pamwamba. Ndinaima mbali ino ya nkhokweyo nditafulatira, chipewa m'manja, ndi kukhosomola.

"Nkhokwe iwe," ndinatero, "galimoto ya mkwatibwi singayende popanda chiwaya chachikulu chija. N'chipewa cha injini."

Kenako ndinamva apongozi akulankhula ndi nkhuku.

"Nkhuku iwe, kauze nkhokwe kuti buledi akapsa ndiwabwereka bambowo chiwaya changa. Koma asachikande."

Tinadikira buledi. Abusa anadikira, mkwati anadikira, buledi sathamangitsidwa. Atapsa, a Boaz, amene tinabwera nawo, anaigwira kava ndi jekete lawo, anakolopola dongo, anawongola milomo yake imene inapindika ndi moto poigogoda pa thabwa, anapaka girisi pa gasiketi yatsopano, n'kumanga manati mwaulemu, ili pang'ono, ilo pang'ono, kuti gasiketi isafinyike. Penti sinafunikenso, mwaye unali utagwira kale ntchitoyo. Injini inalira kamodzi, osadontha ngakhale kadontho. Zelipa anafika ku tchalitchi pa galimoto, akubayibitsa ngati mkazi wa bwanamkubwa, agalu a mudzi wonse ali pambuyo kutsata fungo la buledi.

Ine ndinati nkhani yatha. Khirisimasi itayandikira, Mainess anabwera ndi uthenga wochokera ku Chiparamba, wakuti chobwereka chimabwerera kwa mwini wake. Ndinamasula manati, palafini, sopo, phulusa, mchenga. Chaka chotsatira chimodzimodzi, kuwonjezapo Pasaka ndi maukwati a m'banja.

Mukuti bwanji osagula ina? Ndinagula, achimwene, musandione ngati chitsiru. A Boaz anaipeza ku Lusaka, yatsopano, ndinaimanga, ndinagona tulo. Apongozi atamva anatumiza mawu othokoza kuti mkamwini waganiza bwino, poti Chigwirizano chakula, chiwaya chachikulu chimodzi sichikukwananso.

N'chifukwa chake mitoloyi ili iwiri, kava yakale ndi yatsopano, galimoto yatsala kunyumba mutu uli pamtunda. Basi ija ndi iyo. Ndigwirireniko umodzi pokwera, koma musaukande.