Basi Yanu Siimanso pa Siteji Yanga

Kwa Bwana Mwini Basi ya Ana a Sukulu,

Ndalemba kalatayi chogwada, ngakhale mawondo anga ali mabala okhaokha. Ndine mnyamata uja amakwera yekha pa siteji ya kumunsi kwa chitunda, ndipo chimwemwe chikundilepheretsa kukhala pansi.

Choyamba, zikomo potipatsa alamu anu kuti akhale makaniko. Ndinkasuzumira pa mpanda wa galaja tsiku lomwe ankachotsa mpweya m'mabuleki. Kabawuti kotulutsira mpweyako n'kochepa ngati chala cha khanda, ndipo kanali katachita dzimbiri. Anthu amantha amayamba akathira mafuta n'kudikira. Alamu anu si amantha ayi. Analowetsa sipanala m'chipaipi chachitali, n'kudumphirapo ndi miyendo yonse. Thyo! Kamutu kanagwera m'fumbi, kachitsa n'kutsalira m'kati. Iwo anapukuta m'manja n'kuuza adalaivala kuti mpweya wotsalawo ungosiyidwa, sulemera.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha masewera. Adalaivala amayamba kupopa buleki pamwamba pa chitunda ngati akuvina, koma basi imandidutsa ndithu. Ine liwiro, chikwama chikundimenya kumsana, mpaka akondakitala andikokere m'kati ndi kolala. Kale kusukulu panalibe wondidziwa. Lero basi yonse imandiwombera m'manja, ndipo aphunzitsi a masewera andilemba m'timu osandifunsa n'komwe!

Chachitatu, amayi akupereka moni. Asoka buluku langa mpaka ulusi wachuluka kuposa nsalu.

Ndamvanso kuti a galaja yoyandikana nayo anati angathe kuwotcherera nati pa kachitsako n'kukazula tsiku lomwelo, koma inu munakana poopa kuti alamu anu angakhumudwe. Chikondi cha pachibale chotere n'chosowa, bwana.

Pempho langa n'laling'ono. Lolemba ndikuyamba mayeso omaliza, ndipo ndikathyoka dzanja lamanja ndiye kuti chaka chapita. Sindikupempha kabawuti katsopano, ndine yani ine? Mungobwera Lolembalo m'mawa, inu ndi alamu anu, mudzaime pakati pa msewu pa siteji yanga mutakweza manja. Basi yonyoza mwana wa eni siinganyoze mwini wake. Ikakana kuima, musadandaule. Ine ndidzakhala pambali ndikuonerera, ndipo kuwomba m'manja ndinaphunzira kwa anzanga.

Ine wanu wopuma wefuwefu,
Mnyamata wa kumunsi kwa chitunda