Miyala ya Padenga la a Chimphonda

Lolemba, 5 Disembala 1994
Kalata ya akazi anga, a Nachisale, yafika. Akubwera Lamulungu kudzaona nyumba ya lendi yomwe ndapeza kuno ku Madisi. Akuti akaipeza ikudontha abwerera kwa amayi awo ku Ntchisi tsiku lomwelo. Ikudontha malo anayi! Zofunika:
– phula
– makwerero
– eni nyumba, a Chimphonda

Lachiwiri
Ndapalasa njinga mpaka kumudzi kwa a Chimphonda, njira ya ku Dzoole. Lamulo lawo ndi limodzi: "Zakunja ndi zanga, aphunzitsi, zam'kati ndi zanu." Chabwino. Koma bowo lili kunja, madzi ali m'kati. Wokonza ndani? Akuti tivote, ino ndi nthawi ya matipate. Ovota: iwowo, akazi awo awiri, ine. Ndaluza.

Lachitatu
Makwerero ndabwereka kusukulu. Padenga ndapeza zodabwitsa:
– miyala ikuluikulu isanu ndi iwiri
– tayala lakutha
– mtondo wong'ambika
Denga lingaleke bwanji kudontha litasenza katundu yenseyu? Ine wokulira m'nyumba za boma ku Lilongwe zotere sindinazionepo. Ndatsitsa zonse. Miyala ndaindandalika pakhomo kuti ndidzalepo maluwa, a Nachisale adzasangalale.
Mayi oyandikana nawo, ogulitsa mandasi, aima nthawi yaitali dzanja lili pakamwa. "Aphunzitsi, a Chimphonda akudziwa zimenezi?" Nsanje basi.

Lachinayi
Phula ndamata. Mvula yawaza, m'nyumba muli gwa! Ndine munthu ine. Kungoti denga layamba kuyankhula: phaa, phaa. Ndawerenga misomali, denga lonse ilipo isanu ndi umodzi. Ina inapita kuti? Sindikumvetsa. Mwina ndi mamangidwe a kuno.

Lachisanu
Chimphepo chamasana. Ndikuphunzitsa pansi pa mkuyu, kalasi yonse ikuloza kumwamba. Malata anayi akuwoloka msewu. Ndikuseka nawo, kenako ndazindikira phula langa. Mayo ine! Akagwera m'munda wa fodya wa munthu wina.
Kani miyala ija ndiyo inali misomali.

Loweruka
Mwini munda wakaniza malata, akuti athyola fodya mizere itatu. Akufuna mwini denga. A Chimphonda afika, ayang'ana nyumba, ayang'ana miyala pakhomo. "Langa linali denga lokhala panyumba. Louluka ndi lanu." Miyalayo akuti anaikweza ndi malemu bambo awo, ndipo alendi onse akale sanaikhudzepo. Bwanji nanga osandiuza? "Kodi munthu wamkulu amachita kuuzidwa kuti moto umaotcha?"
Mutu wanga waima. Mvula ya usiku yanyowetsa zonse. Ndayanika matiresi, mabuku a ana asukulu, setifiketi. Mawa ndikuliopa.

Lamulungu
A Nachisale afika ndi chikwama chachikulu ndi nkhuku. Aima pakati pa chipinda, maso kumwamba. Khwangwala akudutsa. Ndikufotokoza kuti mabowo onse anayi ndinamata ndithu. Atuluka, aona miyala ija, aigunda ndi phazi.
"Iyi si yapadenga iyi? Chitsiru chake ndani chatsitsa miyala mwezi wa mvula?"
Ndati nkhaniyo tidzavotera.
Akwera matola a 2 koloko, ndi nkhuku yomwe. Zandipweteka, sindinama. Ndakhala pamwala umodzi, yotsala isanu ndi umodzi ikundiyang'ana. Kumwamba kwadanso bii. Mvula ikagwera m'kati, ndi yanga.