Mzere Wofiira wa a Kamtedza

Inu ana amene mumagwedeza mutu musanamve kanthu, sendezani kuno. Mwambi uwu chiyambi chake chinali motere.

Kuseri kwa phiri kunali bambo wina woweta njuchi, dzina lawo a Kamtedza. Analinso katswiri womata ndowa zobooka: akasungunula phula n'kupaka pabowo, madzi ankasiya kudontha. Chilema chawo chinali chimodzi. Chibadwire sanayankhulepo mawu akuti "sindinamve".

Atawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ankapita kuchipatala mwezi ndi mwezi kukayezetsa ndi kulandira mankhwala. Namwino wa kumeneko, Mayi Chisuse, ankalemba zotsatira zake mu kompyuta. Mwezi wa Juni anawatembenuzira kompyutayo kuti adzionere okha. Pulogalamu ya mmenemo inali itandandalika miyezi m'munsi, kuyambira Januwale, ndipo mwezi uliwonse unali ndi kadontho kake. Mzere wofiira unalumikiza timadonthoto, kuchokera pamwamba n'kumatsetsereka.

"Awa ndi magazi anu, bambo," anatero namwinoyo akumwetulira. "Mwaona mmene mzerewu ukutsikira? Tikamafika Okutobala ukhala uli pansi apa. Pali funso?"

A Kamtedza anayang'anitsitsa mzerewo. Magazi awo akutsika ngati madzi a m'ndowa yobooka! Funso linalipo, lalikulu ndithu, koma munthu wa imvi ngati iwo akafunse mtsikana msinkhu wa mwana wawo? Anangoti amva zonse, n'kutola chipewa.

Panjira anakumbukira kumwetulira kuja, ndipo anatsimikiza kuti ndi mmene anthu amamwetulirira wodwala amene watsala madzi amodzi. Anawerenga miyezi ndi zala, inakwana inayi yokha. Podutsa pamanda anaphimba nkhope ndi chipewa.

Mkazi wawo, Nangozo, sanamuuze kanthu. Chakudya chinasiya kulowa. Kalipentala wa pafupi akamakhoma misomali, iwo ankamva ngati akukhoma bokosi lawo. Akaona nyerere zikukoka chiwala chakufa, misozi inkalengeza. Nangozo akafunsa, ankati ndi chimfine chabe. Kunena zoona, bambo aja ankaopa imfa kwambiri, ndipo ine sindiwaseka pa chimenecho.

M'mawa wina akumata ndowa ya mnansi, nzeru inawafikira, ija yobwera popanda woiitana. Chodontha chilichonse mankhwala ake ndi phula. Ngati magazi akudontha mkati, bwanji osamata mkatimo?

Anayamba tsiku lomwelo. Uchi ankaufinya n'kupatsa ena, iwo n'kumameza phula lokhalokha, chibulumwa m'mawa, china masana, akukankhira ndi madzi maso atatong'oka. Anachita zimenezi sabata yathunthu.

Phula linagwiradi ntchito yake, kungoti linamata khomo lolakwika. Masiku asanu anatha a Kamtedza osaponda kuchimbudzi. Mimba inatupa n'kuuma gwa ngati ng'oma, ululu wake wosasimbika. Apo anadziwa kuti Okutobala wabwera msanga. Anaitana mkazi wawo n'kuyamba kutsanzika.

"Nangozo, ine ulendo wapsa. Njuchi zanga muzizisamala, ndipo mundiike pafupi ndi amalume."

Nangozo sanadikire kuti amalize. Anabwereka ngolo, n'kuwakweza akubuula, ulendo wa kuchipatala.

Kumeneko Mayi Chisuse anawapanikiza ndi mafunso mpaka anaulula zonse, za mzere, za ndowa ndi za phula. Namwinoyo anagwira kumutu, kenaka anayatsanso kompyuta ija.

"Bambo, mzerewu ukamatsika ndiye kuti mankhwala akugwira. Magazi anu sakutha ayi, angosiya kuthamanga mopitirira. Pansi apa ndi pamene timafuna mufike. Chikanakuphani ndi phulali. Nanga bwanji simunafunse?"

Anayankha ndi Nangozo.

"Awa? Zaka makumi anayi ndili nawo pabanja, ngakhale njira safunsa."

Anagonekedwa masiku atatu. Za mmene phulalo linatulukira, chimenecho chokha musandifunse.

Okutobala atakwana, mzere unafikadi pansi, ndipo mwini wake anali wamoyo, akufula uchi kuphiri. Koma dzina la Kamtedza linathera pachipatala pomwepo, anthu n'kuyamba kuwatchula kuti a Safunsa. Kuyambira pamenepo, munthu akamagwedeza mutu pa zimene sanamve, anthu amamukumbutsa za bambo aja, amvekere: "Safunsa anadya phula."