Ndinachotsa Mabuleki Apongozi Ali Pakhomo

Kunena zoona, nkhani iyi sindikanaiulula. Koma popeza ku komboni kwathu ku Kamitondo konse inafika kale, ena akuithira mchere wawo, bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndimakonza njinga zamoto ku Kitwe kuno. Nthawi imeneyo mkazi wanga Tiyanjane anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo mantha anali atamugwira. Ankafuna chinthu chimodzi basi: mayi ake akhale pambali pake tsiku lochira. Tinachonderera mpaka apongozi anavomera kusiya munda ndi mbuzi ku Katete n'kudzakhala nafe.

Apongozi angawo pa mwambo sasewera. Mkamwini sawagwira chanza, sawayang'ana m'maso. Kanyumba kathu n'kakang'ono, ndiye tikakumana pakhomo iwo ankaima n'kuyang'ana kumbali, ine n'kuwerama uko ngati ndataya singano. Moni tinkapatsirana kudzera mwa Tiyanjane. Zinkayenda bwino ndithu.

Mdyerekezi anadzera mwa Mwape, mnzanga wa ku ntchito, Mubemba wapakamwa. Anabwera akuonera pa foni mpikisano wa sipidiwe, wa matimu a mayiko. Njinga zinayi pa bwalo ladothi lozungulira, awiri dziko ili, awiri dziko lina. Pokhota ankachita kutsetsereka cham'mbali, phazi lamanzere likukwekwesa pansi, fumbi kobo! Polandi, Denimaki, Ositireliya, onse analipo.

"Awe mune, Zambia ili kuti apa?" anatero Mwape. "Fumbi tili nayo, njinga tili nazo. Manje tisowa chani?"

Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti njinga zawo zilibe mabuleki. Munthu wanzeru akanabweza foni pomwepo. Ine ndinati chinsinsi ndachipeza, n'kutenga sipanala. (Inde, ine yemweyo amene ntchito yanga n'kuikira anthu mabuleki.)

Loweruka masana timu ya Zambia inafika pa bwalo la mpira la kwathu. Anzathu aja amavala nsapato yachitsulo kumanzere, choncho ine ndinamangirira chivindikiro cha poto wa Tiyanjane ndi waya. (Sindinapemphe.)

"Iwe tsogola," anatero Mwape. "Ine nizakuchingiliza kumbuyo, ndiye mwamene achitila."

Kuzungulira koyamba kunakoma, abale. Njinga inatsetsereka ngati ya pa foni, ogulitsa makala anaimirira n'kuyamba kuimba malikhweru. Mutu unakula. Ndinawonjezera moto.

Chimene ndinaiwala n'chakuti Loweruka amayi a chigwirizano akamachokera ku tchalitchi amadutsa pa bwalo lomwelo. Potuluka m'fumbi langa lomwe ndinangoona mzere wa zoyera ndi zakuda, akubwera akuimba. Dzanja linafinya pamene pamakhala buleki, linagwira mphepo. Phazi linaponda, mphepo yomweyo.

"Patukani! Patukani, amayi!"

Anabalalika ngati nkhuku zaona mphamba, kutsala mmodzi. Apongozi, atazindikira kuti akubwerayo ndi mkamwini wawo, anachita zimene ankachita masiku onse. Anaima njii, n'kuyang'ana kumbali mwaulemu kuti ndidutse.

Njinga ndinaitaya, inakagona yokha mu ngalande. Koma ine liwiro linanditengabe, chivindikiro chikulira ngwe ngwe ngwe, mpaka ndinawakumbatira ndi manja onse awiri, tonse pansi khu! Podzuka, duku lawo linali m'manja mwanga.

Mwape anaima bwinobwino chapatali, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti mnzanga wa timu mabuleki ake sanachotse.

"Pepani amayi, mwavulala?" ndinafunsa, ndikuwayang'ana m'maso koyamba chikwatirireni mwana wawo.

Anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso. Mayi wina wachikulire ndiye anandinong'oneza: "Bambo, abwezeleni duku, muchoke apa."

Apongozi thupi silinavulale, kupatula kachilonda pa chigongono. Koma madzulo ndinawamva akulankhula ndi Tiyanjane kuseri kwa chitseko.

"Mwana wanga, nyumba imodzi ndi bambo awa sindingagonemo. Mpingo wonse waona. Tizipatukirana bwanji titagwirana kale?"

"Amayi, nanga ine? Masiku atha."

Ndinatuma akulu a mpingo kukandipepesera. Ndinagula tambala wamkulu. Tambalayo analandira ndithu, koma m'mawa mwake anakwera naye basi ya ku Katete.

Tiyanjane sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Ankangokhala pa mphasa imene mayi ake ankagonapo, akupinda ndi kupindanso tizovala ta mwana.

Tsiku lochira ndinali pa benchi panja pa chipatala. Namwino anatuluka n'kufunsa, "Mayi ake a Tiyanjane ndi ati? Akuwaitana."

Ndinaimirira ine. "Ali ku Katete."

"Nanga mayi amachoka nthawi ngati ino?"

Ndinakhalanso pa benchi. Mawu oti sipidiwe sakanatuluka m'kamwa mwanga pamalo ngati amenewo.

Ngati pali chimene ndinaphunzira, n'chakuti zina n'zongoonera. (Mipikisano ija ndimaonerabe, mobisa, sindikunamizani.) Mwana wathu tsopano akukwawa, koma agogo ake sanamunyamulepo. Amamuonera pa foni, ndipo akangomva mawu anga amadula. Choncho akaimba ndimatuluka n'kukaima panja kuti acheze momasuka. Ndimamva Tiyanjane akuseka ndi mayi ake, kenako atsanzikana, kenako mphuno ikulira. Pamenepo ndimachedwa dala kulowa.