Malovu a kambuzi m'masiki ya a Gondwe

Mukadzafika ku Chilumba n'kumva anthu akuitana munthu kuti Kambuzi, musayang'ane uku ndi uku. Ndine. Ndipo zoti ndinalira ngati mwana pamaso pa akazi ochapa, zimenezo n'zabodza. Misozi inatuluka, inde, koma kulira ayi.

Nkhani yake inali ya ntchito. Kuli kagulu ka anthu omira pansi pa nyanja kukagwira mbuna, tinsomba tamitundumitundu timene azungu amaweta m'magalasi m'malo modya. Malo analipo amodzi okha. Bambo anga anali atandiuza kale kuti ndikalephera iyi, ndibwerere ku Hara ndizikathamangitsa mbalame mu mpunga mpaka ndevu zitachita imvi. Ine ndinalumbira kuti mbalame zimenezo zidzandiona pa chithunzi basi.

Vuto linali loti aphunzitsi anali awiri, ndipo kuti anditenge pamafunika onse avomere. A Gondwe ndi mdala amene wamira zaka zochuluka kuposa zanga, akupuma pa paipi yochokera ku injini ya m'boti. A sisi Tumpale, a ku Iponga, anakaphunzira ku Nkhata Bay, ali ndi setifiketi ndi botolo la mpweya kumsana. Anthu awiriwa sanagwirizanepo chilichonse (ngakhale kuti lero ndi Lachiwiri amatha kutsutsana).

Makamaka pa masiki, galasi lija lotchinga maso ndi mphuno. Kuti lisachite nthunzi, a Gondwe amati, "Thunya mata, mnyamata! Lavulira, tikita ndi chala, basi." A sisi amati, "Uve umenewo. Kadontho ka sopo." Ukatumphuka, a Gondwe amakweza masiki pamphumi ngati bwana. A sisi amati pamphumi ayi, itsitsire m'khosi, chifukwa kwa ophunzira bwino masiki pamphumi ndiye kuti munthu wasokonezeka, akufuna kupulumutsidwa.

"Ine ndaika pamphumi zaka zonsezi, wandipulumutsapo kangati?"

"Inu adada, ngakhale ng'ona ingakulavuleni."

Ine, wanzeru, ndinaganiza zosangalatsa onse.

Tsiku la mayeso ndinadzuka ndi njala ya mantha. Ndinaima pa chiwaya, tchipisi ndi kanyenya, n'kunyenyera pamwamba tsabola wa kambuzi ndi zala zangazi. Atatu. Chabwino, asanu. Manja ndinapukutira pa kabudula, n'kuthamangira ku boti.

Masiki yanga inali itang'ambika, ndiye a Gondwe anandibwereka yawo, yomwe amati ngakhale akazi awo saikhudza. Ndinadikira kuti andiyang'ane, n'kulavulira katatu konse, mwamphamvu, ndikutikita ndi chala kona iliyonse. Anagwedeza mutu mokhutira. Atatembenuka, ndinathira kadontho ka sopo a sisi akuona. Nawonso anamwetulira. Kutsukuluza ndinangonyowetsa pang'ono, poopa kuti mankhwala onse awiri angachoke.

Tinatsika ndi chingwe cha nangula, ine ndi a sisi. Poyamba zinali bwino, kungoti maso ankayabwa, ndikuti ndi chimwemwe. Titafika pa mwala, anandipatsa chizindikiro cha mayeso awo: ulowetse madzi m'masiki, kenako uwatulutse ndi mpweya wa m'mphuno. Ndinalowetsa.

Abale anga. Madzi aja anasonkhanitsa malovu, sopo ndi kambuzi n'kupanga supu. Supu ija inalowa m'maso ndi m'mphuno nthawi imodzi. Ndinaona Hara yense, mbalame iliyonse payokhapayokha, ina ikundiseka.

Koma ndinati sindigonja. A sisi anandifunsa ndi zala ngati ndili bwino. Yankho lake umapanga kabowo ndi zala ziwiri. Ine mutu utayaka, ndinakweza chala chachikulu monga timachitira pa msika: bho! Pansi pa madzi chala chimenecho chimatanthauza kuti tikwere. Anandigwira lamba. Ndinakana ndi mutu, n'kukweza zala zazikulu zonse ziwiri kuti amvetse kuti zili bho kwambiri. Anandikweza.

Titatumphuka, ndinakankhira masiki pamphumi kuti nditikite maso. Ndi zala ziti? Zomwe zija.

"Mwe, Kyala!" anakuwa a sisi, kuitana Mulungu m'chinenero cha kwawo. Asanandifunse n'komwe anali atandizungulira kumbuyo, kundipopa jekete yoyandamitsa, kundigoneka chagada, akundikoka ngati thumba la makala.

"Muleke!" a Gondwe akukuwa m'boti. "Mwanalume wakupumula waka, akungopuma ameneyo!"

"Akupuma chiyani, maso ngati tomato!"

"Sisi, ndili bho," ndinatero.

"Khala chete, womira salankhula."

Akazi amene ankachapa pa miyala anasiya zovala. Wina anayamba kale kufunsa kuti ndi mwana wa ndani. Nthawi yomweyo kafunde kanandimenya kumaso, masiki ya a Gondwe n'kuvuka pamphumi, n'kumira pang'onopang'ono onse tikuona.

A Gondwe anangoti, "Masiki yane. Masiki yanga."

Apo ndiye ndinadziwa kuti mpunga ukundiitana. Ndinavula jekete ndi botolo, kusiyira a sisi m'manja, kukoka mpweya, n'kubwerera pansi ndi chingwe, maso ali psuu. Ulendo woyamba ndinatola mwala. Wachiwiri, patapata wa munthu. Wachitatu ndinaigwira lamba, yatsamira pa mwala womwe uja (ndimauza anthu kuti munali mbuna ziwiri mkati, koma popeza lero ndikuulula, munali mchenga).

M'boti mlandu unayamba. A sisi anati ndi malovu. A Gondwe anati ndi sopo wa m'mabuku, ndipo pofuna kutsimikiza anavala masiki ija osatsuka. Anaika manja m'chiuno. Kenako ndinaona msozi ukutsika mkati mwa galasi.

"Mnyamata, warya vichi? Wadya chiyani?"

"Tchipisi, adada."

"Na vichi?"

Ndinaulula. A sisi anaseka mpaka kukhala pansi m'madzi a m'boti. Atapeza mpweya anati munthu amene akukana kukwera maso akupsa, mantha alibe, nzeru tidzamuikamo. A Gondwe, akupukuta mphuno, anati wobweza masiki yawo sangapite kukathamangitsa mbalame. Kenako onse anadabwa kuti agwirizana, ndipo anayambanso kukangana za amene wayamba kunena.

Ntchito ndinaipeza, dzina ndinalipezanso. Masiki masiku ano ndimaitsitsira m'khosi, a Gondwe akayang'ana kumbali. Koma tsabola ndiye sindinasiye, munthu sungasiye zonse. M'mawa uliwonse ndimangopereka masiki yanga kwa a Gondwe kuti andilavulire. A sisi mpaka pano amayamikira kuti sopo wawo akugwira ntchito.