Tsiku Limene Ndinaphika a Malume pa N1

Nkhani iyi mkazi wanga Esnati amaifotokoza pa chinkhoswe chilichonse chimene taitanidwa, ndipo chaka ndi chaka amawonjezera mchere. Bola ndiinene ndekha, manyazi ake akhale a muyezo wake.

Nthawi imeneyo tinali tisanakwatirane, koma tonse awiri tinali kale ku Joni. Ndinkakhala ku Zandspruit, ntchito yanga inali yotsuka magalimoto pa garaja ina ku Honeydew. Koma kwawo kwa Esnati ku Ntcheu kunafika uthenga woti mnyamatayo "amagwira za magalimoto," ndipo ine sindinaone chifukwa chouwongolera. Ndinali ndi galimoto yanga yakale, yofiira, imene ndinkaikonda kuposa mmene inkandikondera.

Kenako tinamva kuti malume ake a Esnati akubwera ku Joni kudzandiona ndi maso. Mawu awo ndiwo anali omaliza. Akangoti ayi, ukwati kulibe.

Ndinakawatenga ku Park Station masana ena mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anatsika basi atavala jekete, tayi, ndi juzi mkati, poti anamva kuti ku Joni kumazizira. Asanakhazikike n'komwe pampando ndinawapatsa lamulo la mzinda uno, loti zenera satsegula. Ndinawafotokozera za matsotsi a pa maloboti amene amatsomphola foni munthu akulankhula, ndi ena amene akafuna wotchi amatenga ndi dzanja lomwe. Ndinakometsa kwambiri. A malume anafungatira chikwama chawo pachifuwa.

"Za kutentha musadandaule," ndinatero, "muno muli air con."

Njira yachidule yopita kwathu ilipo, koma ine ndinasankha highway kuti aone nyumba zosanja za ku Sandton, mwina aziganiza kuti eni ake ndimadziwana nawo. Galimotoyo inali itatha miyezi osathamanga chotero. Ulendo wake unali wa kuntchito m'mawa, kubwerako madzulo, basi.

Titangodutsa Alexandra, kamphepo kozizira kaja kanayamba kufooka, kenako kanasanduka mpweya wa munthu wodwala malungo. Ndinauza a malume kuti ndi gasi watha, nkhani yaing'ono, ndidzathira ndekha Loweruka. Anagwedeza mutu mwaulemu.

Ndiye ndinaona kasingano ka kutentha kwa injini kakukwera. Ndikachepetsa liwiro kankatsika, ndikaponda kankakweranso. Ndinakumbukira zimene amakanika a kuntchito amanena ine ndikamatsuka matayala: injini ikatentha, yatsa hita mpaka kumapeto, imakokera motowo mkati. Ndinayatsa.

M'galimoto munasanduka uvuni. Thukuta linayamba pachipumi cha a malume, kudutsa pamphuno, kukagwera pa tayi. Koma mlendo wolemekezeka sadandaula m'galimoto ya mkamwini, ndipo mkamwini sangauze munthu wamkulu chotero kuti vulani jekete. Tonse tinangopsa mwaulemu. Zenera la mbali yanga linali litafa kalekale.

"A malume, mutha kutsitsako zenera lanulo pang'ono."

"Ayi bambo. Dzanja langali ndikulifunabe."

Ndinayesa kuwauza kuti pa highway matsotsi kulibe. Anati ndisawanyengerere ngati mwana, zonse anazimva bwino ku Park Station.

Pa highway ya N1 kasingano kanafika pofiira, ndipo ndinaima pambali. Ndinatsegula boneti ngati dokotala wamkulu. Madzi analimo, fani inkazungulira, lamba anali bwinobwino. Zimene ndinkadziwa zinathera pomwepo, koma pakamwa sipanathe. Ndinawauza kuti ndi thermostat. Nditaona kuti sanagome, ndinakweza kukhala water pump. Pomaliza ndinagwira m'chiuno, n'kulengeza kuti head gasket yapsa, matenda amene ngakhale azungu opanga magalimoto amawaopa.

Kenako ndinaimbira Esnati kuti tichedwa, ndipo ndinaika foni pa loudspeaker dala, a malume amve mmene katswiri amafotokozera zinthu. Esnati anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa mofatsa.

"Kodi katoni ija munaichotsa?"

"Katoni iti?"

"Ija munatsekera kutsogolo mu Juni, mukuti galimoto nayo imamva chisanu ngati munthu. Ndinakukumbutsanitu."

Ndinalakalaka msewu utang'ambika ndilowe. Chisanu cha ku Joni chikafika, ambiri a ife a magalimoto okalamba timalowetsa katoni patsogolo pa rediyeta, kuti injini ifunde msanga m'mawa, hita nayo igwire. Anzanga onse amachotsa chisanu chikatha. Ine ndinaiwala. Pa kamtunda ka kuntchito galimoto inkapirira, koma pa highway injini ndi air con zonse zimafuna mphepo yambiri, pamene ine ndinali nditazitseka mphuno.

A malume anaima kutsogolo kwa galimoto. Anakwinya mkono wa jekete, anapisa dzanja kutsogolo kwa rediyeta, n'kusolola katoni ya mafuta ophikira, yakuda ndi fumbi. Anaitembenuza uku ndi uku, kenako anandiyang'ana.

"Head gasket ija ndi imeneyi?"

"Ndi... ndi mtundu wake, a malume."

Injini itazizira tinanyamuka. Kasingano kanakhala pakati ngati mwana womvera, air con nayo inadzuka. Koma a malume anati ndiizimitse, iwo akukhulupirira katoni. Anadzikupiza nayo mpaka ku Zandspruit, zenera lili chitsekere.

Madzulo abale a Esnati amene amakhala kuno anasonkhana kuti amve chigamulo. Ine ndinakhala pakona, ndikudziwa kuti ukwati wanga wapsera pa N1. Ndinali ndi mantha enieni, chifukwa mtsikanayo ndinkamufuna. A malume anaika katoni ija patebulo, anakhosomola.

"Za magalimoto, mnyamatayu sadziwa kanthu," anatero. "Koma munthu wofunditsa galimoto kuti isamve chisanu, mwana wathu sadzagona ndi mphepo. Mumpatse. Chokhacho, iwe Esnati, ikafika Okutobala uzidzifundula wekha. Uyu amaiwala!"

Chiyambire tsiku limenelo, galimoto ikavuta ndimayamba ndatsegula boneti, pakamwa ndimatsegula Esnati akandilola.